Wosewera Mpira Amene Anakana Kugulitsidwa

Caka ciri conse pa 15 April, m'mabwalo a ligi zazikuru za mpira wa baseball ku America mumacitika cinthu cozizwitsa mlendo. Osewera onse, aphunzitsi ao ndi oweruza masewera omwe, abvala malaya olembedwa nambala imodzi yokha, ndiyo 42. Nambalayi inali ya Bambo Jackie Robinson, amene pa tsiku lomwelo m'caka ca 1947 analowa m'bwalo la Ebbets Field ku Brooklyn, nakhala munthu wakuda woyamba kusewera m'ligi za Azungu patapita zaka zoposa 60. Ulemu umenewu ngwoyenera, ndipo palibe wokonda mpira amene angaukane.

Koma alipo munthu wina wakuda amene alibe tsiku lomkumbukira, ngakhale wosewera ali yense wa lero adya thukuta lace. Munthuyo ndiye Bambo Curt Flood. Bambo Robinson anatsegula khomo lolowera pa nchito. Bambo Flood anamenyera khomo loturukira, kuti wanchito akhale ndi mphamvu yosiya bwana uyu ndi kunka kwa uyo. Anthu olandira malipiro a pa mwezi adziwa bwino kuti kulembedwa nchito kokha sikupatsa munthu ufulu, ngati wolembedwayo alibe mau pa za kumene adzagwira ndi pa za mtengo wa mphamvu zace. Cotero mbiri ya mpira umenewu iri yoperewera pamene ichula woyambayo ndi kusiya waciwiri.

Kaseweredwe kace

Masewerawa sali ozolowereka kwa anthu ambiri a mu Africa, cotero nkoyenera kuwalongosola pang'ono. Matimu ali awiri, ndipo iri yonse ilowetsa anthu 9 m'bwalo. Woponya aima pakati, naponya kampira kolimba kolingana ndi lalanje; oponya amphamvu amakatumiza pa liwiro lofika mamailosi 100 pa ora. Womenya aima ndi cibonga ca mtengo, ndipo akakamenya bwino athamanga kuzungulira ngondya zinai zotalikirana mapazi 90. Akabwerera pamene anayambira asanagwidwe, timu yace yapata cigoli. Kumenya kampirako nkobvuta kotero kuti munthu wopambana katatu pa maulendo khumi ayesedwa katswiri.

M'ligi zazikuru muli matimu 30, ndipo timu iri yonse isewera masewera 162 pa caka, pafupi fupi tsiku ndi tsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi. Kwa woonerera ndi cisangalalo ca madzulo. Kwa wosewera ndi nchito ya maulendo osatha, ya mabondo otupa ndi mapewa opweteka, imene ambiri aileka asanafike zaka 35. Kulipira timu yonse poyera kunayamba mu 1869 ku Cincinnati, ndipo kuyambira pamenepo mkangano wa bwana ndi wanchito sunacoke m'bwalo.

Khomo lolowera

Mu 1884 Bambo Moses Fleetwood Walker, munthu wakuda, anasewerera timu ya Toledo m'ligi yaikuru. Zitapita zaka zowerengeka, eni matimu anapangana kusalembanso akuda. Panganolo silinalembedwe m'buku la malamulo a ligi zazikuru, koma linasungidwa koposa malamulo olembedwa. Akuda sanakhale pansi ndi kumangolira. Mu 1920 Bambo Rube Foster anasonkhanitsa eni matimu a akuda ku Kansas City, nakhazikitsa Negro National League, ndipo ligi zotere zinakula mpaka masewera ao a akatswiri ku Chicago anakoka anthu oposa 50,000 mu 1943. M'menemo ndimo munaturuka woponya Satchel Paige ndi womenya Josh Gibson. Waciwiriyu anamwalira mu January 1947 ali ndi zaka 35, patatsala miyezi itatu yokha kuti khomo litseguke.

Bambo Branch Rickey, mkuru wa Brooklyn Dodgers, anasankha Bambo Robinson mwanzeru. Iwo anali munthu wophunzira ku koleji, ndiponso msilikali wa udindo amene mu 1944 anazengedwa mlandu atakana kukhala kumbuyo m'basi ya asilikali, napezeka wosalakwa. Bambo Rickey anawapempha kuti asabwezere cipongwe, ndipo anapiriradi kutukwanidwa, kupondedwa ndi nsapato za zitsulo, ndi makalata oopseza kupha. Mu 1949 anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse mu National League. Komabe eni matimu ena anazengereza ndithu. Boston Red Sox inalowetsa wakuda woyamba mu 1959, Bambo Robinson ataleka kale mpira.

Akuru anati walira mvula walira matope. Bambo Rickey sanalipire kanthu kwa Kansas City Monarchs, timu imene Bambo Robinson anacokerako, ponena kuti ligi za akuda zinalibe mapangano eni eni. Mai Effa Manley, amene anali kuyendetsa Newark Eagles pamodzi ndi amuna ao, analimbikira mpaka analandira ndarama pamene Cleveland inatenga Bambo Larry Doby mu July 1947. Koma ndarama zocepazo sizikanapulumutsa ligi. Oonerera akuda anatsata akatswiri ao ku mabwalo a Azungu. Ligi imene Newark Eagles inalimo inatha mu 1948, ndi inzace inangozilala pang'ono pang'ono. Osewera owerengeka anakwera, koma eni matimu akuda, alembi, oyang'anira ndi ogulitsa matikiti anataya nchito zao. Mpando wa mphunzitsi wamkuru wa timu unayamba kukhalidwa ndi wakuda mu 1975, pamene Bambo Frank Robinson anayamba kutsogolera Cleveland, zitapita zaka 28.

Cingwe ca m'pangano

Tsono nchito imene Bambo Robinson analowa inali yotani? Kuyambira mu 1879 eni matimu anali ndi lamulo lochedwa reserve clause, limene poyamba linamanga anthu asanu pa timu, pambuyo pace onse. M'pangano la wosewera munali mau akuti likatha, timu iri ndi mphamvu yolionjeza kwa caka cimodzi. Eni matimu anamasulira kuti caka coonjezaco cibwera ndi mau omwewo, cotero caka cimodzi cinabala cinzace mpaka munthu kukalamba. Matimu ena anapangana kusalemba munthu womangidwa ndi mnzao. Wosewera wosakondwa ndi malipiro anali ndi njira ziwiri zokha, kusaina kapena kuleka mpira. Mwini timu ndiye anali womasuka kumgulitsa, kumsinthanitsa kapena kumcotsa.

Cingwe cimeneci sicinasankhe khungu. Babe Ruth, Mzungu amene dzina lace lidziwika ndi mwana ali yense ku America, anagulitsidwa kucoka ku Boston kunka ku New York Yankees pa mtengo wa madola 100,000 kumapeto kwa 1919, ndipo ndaramazo zinalowa m'thumba la mwini timu. Bambo Jackie Robinson omwe, atasewerera Dodgers zaka khumi, anasinthanitsidwa mu December 1956 kwa New York Giants, adani akuru a timu yao. Iwo analeka mpira nalowa nchito ina. Lamulo la America liletsa amalonda kupangana mwa njira yotere. Koma mu 1922 Bwalo Lalikuru la Milandu linagamula kuti baseball siiri m'gulu la malonda a pakati pa zigawo za dziko, ndipo mu 1953 linasiyanso eni matimu kunja kwa lamulolo.

Kalata ya pa 24 December

Bambo Curt Flood anakulira mu mzinda wa Oakland, ndipo ali mnyamata anatumizidwa kukasewera m'ligi zazing'ono za kum'mwera, kumene sanaloledwe kudya kapena kugona m'nyumba imodzi ndi Azungu a timu yao. Anasewerera St. Louis Cardinals zaka 12, napambana nayo World Series, ndiwo mpikisano wotsiriza wa caka, mu 1964 ndi 1967. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri zotsatana analandira mphotho ya Gold Glove, yopatsidwa kwa odziwa kuwakha. Mu October 1969, osafunsidwa ndi pang'ono pomwe, anauzidwa kuti asinthanitsidwa ku Philadelphia Phillies. Nyumba yao, malonda ao ndi mabwenzi ao zonse zinali ku St. Louis.

Pa 24 December 1969 analembera Bambo Bowie Kuhn, mkuru woyang'anira ligi zonse, kalata yonena kuti iwo sadziyesa katundu woti nkugulidwa ndi kugulitsidwa popanda kufuna kwao, napempha kuti matimu onse auzidwe kuti ali omasuka kulembedwa. Bambo Kuhn anakana, ndipo Bambo Flood anasuma ku khoti. Olemba nkhani ambiri anawaseka, ati munthu wolandira madola 90,000 pa caka anganene bwanji za ukapolo? Iwo anayankha kuti kapolo wolipidwa bwino ali kapolo ndithu. Yankho limeneli linakwiyitsa ambiri, koma ndilo linagwira mutu wa nkhani, pakuti funso la mlanduwo linali lakuti mwini wace wa nchito ya munthu ndani.

Pozenga mlandu mu 1970, Bambo Jackie Robinson, mutu uli imvi ndi maso atayamba kufooka ndi matenda a shuga, anabwera kudzacita umboni mbali ya Bambo Flood. Koma mwa osewera amene anali akali pa nchito, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaima kuwacitira umboni, pakuti ali yense anaopa bwana wace. Mu June 1972 Bwalo Lalikuru linagamula: oweruza asanu anakomera eni matimu, atatu anakomera Bambo Flood. Asanuwo anabvomera kuti ciweruzo ca 1922 cinali cosalongosoka, koma anati Nyumba ya Malamulo ndiyo iyenera kucikonza. Mwa atatu okanawo munali Bambo Thurgood Marshall, woweruza wakuda woyamba wa bwalolo.

Bambo Flood anataya zonse. Caka ca 1970 sanasewere. Mu 1971 anasewera masewera 13 okha ndi Washington Senators, naleka, nacoka m'dziko kukakhala ku cisumbu ca Majorca, kumene anabvutika ndi ngongole ndi mowa. Anamwalira mu January 1997, caka comwe nambala 42 inapatulidwa m'matimu onse.

Mphamvu ya bungwe

Cala cimodzi siciswa nsabwe. Cimene khoti linamana munthu mmodzi, osewera anacitenga ndi umodzi wao. Mu 1966 anasankha Bambo Marvin Miller, amene kale anagwira nchito m'bungwe la anchito a m'mafakitale a zitsulo, kuti atsogolere bungwe lao. Pa nthawiyo malipiro otsika koposa anali madola 6,000 pa caka. Pangano loyamba la bungwe ndi eni matimu, la mu 1968, linawakweza kufika 10,000. Mu 1970 bungwe linapata cinthu cooneka cacing'ono koma ca mphamvu, ndico cakuti madandaulo aziweruzidwa ndi mkhalapakati wosadya za mbali iri yonse, m'malo mwa mkuru wosankhidwa ndi eni matimu. Bungwe ndilonso linalipira maloya a Bambo Flood, ndipo mlandu wao unaphunzitsa osewera ndi oonerera omwe cimene cinabisala m'mapangano. Mu 1973 kunapanganidwa kuti munthu wa zaka khumi m'ligi, zisanu zotsiriza ali pa timu imodzi, sangasinthanitsidwe popanda kubvomera kwace. Lamuloli likanakhalapo mu 1969, Bambo Flood sakanacotsedwa ku St. Louis.

Mu 1975 oponya awiri, Andy Messersmith ndi Dave McNally, analowa m'bwalo osasaina pangano latsopano, ndipo pakutha pa nyengo bungwe linanena kuti caka cimodzi coonjeza cija catha. Pa 23 December mkhalapakati, Bambo Peter Seitz, anagamula kuti caka cimodzi ndi caka cimodzi basi. Eni matimu anawacotsa nchito pomwepo, koma makhoti anasunga cigamuloco. Mu 1976 mbali ziwirizi zinapangana kuti wosewera amene watha zaka zisanu ndi cimodzi m'ligi zazikuru, pangano lace likatha, ali mfulu kulembedwa kuli konse. Zipatso zace zioneka. Mu December 2023 Shohei Ohtani wa ku Japan anasaina ndi Dodgers pangano la madola mamiliyoni 700 pa zaka khumi, ndipo mu 2025 malipiro otsika koposa anafika madola 760,000 pa caka.

Madandaulo a oonerera

Pamenepa oonerera ambiri adandaula zinthu zitatu, ndipo ayenera kuyankhidwa. Coyamba, ati osewera ali aumbombo. Kunena zoona, ndarama zotere zizunguza mutu wa munthu wokwera basi m'mamawa kunka ku fakitale; ndipo mu 1994, pamene osewera ananyanyala nchito ndi World Series inalephereka, mkwiyo wa anthu unali womveka. Koma ndarama imene wosewera salandira siibwerera kwa woonerera, itsala kwa mwini timu. Anthu agula tikiti kudzaona womenya ndi woponya. Palibe amene alipira kuti aone mwini ali khale m'cipinda ca magalasi. Ndiponso eni matimu omwewo anapezeka kuti anapangana mseri kusapikisana polemba osewera kuyambira 1985 mpaka 1987, nabvomera mu 1990 kulipira madola mamiliyoni 280.

Caciwiri, ati wosewera wa lero alibe cikondi pa mzinda wace. Cikondi cimeneco eni matimu sanayambe acisonyeza. Dodgers, timu ya Bambo Robinson, inasamutsidwa ku Brooklyn kunka ku Los Angeles itatha nyengo ya 1957. Ebbets Field inagwetsedwa mu 1960, ndipo bwalo latsopano linamangidwa ku Chavez Ravine, malo amene mabanja otsiriza a mtundu wa ku Mexico anacotsedwapo ndi mphamvu mu 1959. Itatha nyengo ya 2024, Athletics inacoka ku Oakland, kwao kwa Bambo Flood, itakhalako cicokere 1968. Ngati mwini aloledwa kunyamula timu yonse potsata ndarama, nkosalungama kudzudzula wanchito mmodzi pocita cimodzimodzi.

Cacitatu, ati ufulu wa osewera upatsa matimu olemera zikho zonse. Dandaulo ili liri ndi mbali yoona. Dodgers, imodzi mwa matimu olipira koposa, inapambana mu 2024 ndi 2025, ndipo okonda matimu a m'mizinda yaing'ono monga Pittsburgh aona akatswiri ao alinkucoka caka ndi caka. Koma mbiri iyenera kuwerengedwa yonse. Pa nthawi ya cingwe, kuyambira 1947 mpaka 1964, Yankees inafika mu World Series maulendo 15 pa zaka 18, nipambana maulendo 10. Cingwe citaduka, kuyambira 1978 mpaka 1987, matimu khumi osiyana anapambana m'zaka khumi. Mankhwala a kusiyana kwa matimu olemera ndi osauka ali m'kugawana phindu pakati pa eni okha okha, cimene acita kale pang'ono. Kumanganso wanchito kungangolemeretsa bwana.

Zimene zatsala

Nchito siinathe. Pansi pa ligi zazikuru pali anyamata zikwi m'ligi zazing'ono, ndipo kukwera kwa malipiro sikunawafikire msanga. Bambo Gift Ngoepe wa ku South Africa, amene anakulira m'kacipinda ka pa bwalo la baseball ku Randburg kumene amai ao anali kugwira nchito, anatha zaka zisanu ndi zitatu m'ligi zimenezi asanasewerere Pittsburgh Pirates pa 26 April 2017, nakhala woyamba wobadwa ndi kukulira mu Africa kufika m'ligi zazikuru. Mu 2018 Nyumba ya Malamulo ya America, itapemphedwa ndi eni matimu, inapatula anyamata otere ku lamulo loteteza malipiro a anchito ena. Iwo analowa bungwe mu 2022, ndipo pangano lao loyamba, la mu 2023, linakweza malipiro otsika a ligi yoyandikana ndi zazikuru kucoka pa madola 17,500 kufika 35,800 pa caka. Njira ndi yomwe ija anayenda akuru ao.

Khomo la Bambo Robinson nalonso lirinkucepa. Mu 1991 akuda a ku America anali pafupi fupi 18 pa osewera 100 ali onse. Mu 2023 anali ngati 6, ndipo mu World Series ya 2022 munalibe ndi mmodzi yemwe, koyamba cicokere 1950. Kuphunzitsa mwana mpira umenewu kwasanduka kwa mtengo wapatali cifukwa ca zipangizo, maulendo ndi matimu a ana olipiritsa, cotero mwana wa mmphawi atembenukira ku masewera ena. Kubvala nambala 42 tsiku limodzi pa caka sikugulira mwana wotere cibonga.

Ligi zazikuru zidziwa kulemekeza akufa pamene ulemuwo sulipitsa kanthu. Mu 2020 zinabvomera kuti ligi za akuda za 1920 mpaka 1948 zinali zazikuru, ndipo mu 2024, ziwerengero zao zitalowetsedwa m'mabuku, Josh Gibson anaposa Ty Cobb pa kamenyedwe ka moyo wonse. Koma ku Hall of Fame, nyumba yokumbukira akatswiri ku Cooperstown, Bambo Kuhn amene anakana kalata ija analowetsedwa mu 2008. Bambo Miller anasankhidwa mu 2019, patapita zaka zisanu ndi ziwiri atamwalira. Ndipo pofika 2025 Bambo Flood anali asanalowe, ngakhale aphungu oposa 100 a Nyumba ya Malamulo analemba kalata yowapempherera malo mu 2020. Nyumba ya Malamulo yomweyo inacha dzina lao lamulo la mu 1998, lopatsa osewera a ligi zazikuru citetezo cimene khoti linawamana mu 1972.

Cifukwa ca kuzengereza kumeneku sicibvuta kuciona. Kulemekeza Bambo Robinson ndiko kutsutsa tsankho la anthu amene anafa kale. Kulemekeza Bambo Flood ndiko kubvomera kuti eni matimu anamanga anchito ao zaka pafupi fupi 100, ndipo mkangano umenewo ukali moyo: mu 2021 eni anatsekera osewera kunja, ndipo zitseko zinakhala zotseka masiku 99. Osankha a ku Cooperstown ayenera kuika dzina la Bambo Flood pa khoma lao. Ndipo wosewera ali yense wosaina pangano la mamiliyoni, wakuda, Mzungu, wa ku Japan kapena wa ku Dominican Republic, ayenera kuuzidwa kuti mu 1969 munthu wa zaka 31, ali pakati pa mphamvu zace, anasiya malipiro ace kuti iye adzakhale womasuka kusankha.